Ndowa ya kwa Aphunzitsi

Lolemba m'mawa, ndisanavundukule n'komwe makina anga osokera, Anambewe anafika pakhonde atanyamula kanthu kokulunga m'nsalu. Anakaika patebulo osakamasula, n'kuyamba kundifunsa za chifuwa changa, za mvula, za ulusi umene wasowa ku sitolo ya pa pulazi. Munthu wobwera ndi buluku long'ambika sachita zimenezi. Amangoponya n'kunena kuti, "Madzulo ndilipeze latha."

Ndinamasula ndekha. Linali diresi la sukulu, lobiriwira, limene ndinasoka ine ndemwe chaka chatha.

"Ndilidule zigamba?" ndinafunsa, chifukwa ndinali nditamva kuti amuna awo analamula choncho.

"Mumasule mpendero, anzanga," anatero. "Mwini wake watalika."

"Abambo ake akudziwa?"

"Adziwa likatha."

Owerenga a tsamba lino mukundidziwa, sindine munthu wa phokoso. Koma sabata ino anzanga oyandikana nawo nyumba andimva ndikung'ung'udza nyimbo pamakina, mpaka mmodzi anafunsa ngati ndapeza banja. Banja sindinapeze. Chandisangalatsa ndi diresi limeneli, ndipo kuti mumve chifukwa chake ndiyenera kubwerera kaye m'mbuyo.

Mwini diresi ndimutcha Enelesi. Si dzina lake, monganso Anambewe si dzina la mayi ake. Ali ndi zaka khumi ndi zinayi. Anabadwira pa komboni yathu ino, kufupi ndi Trelawney, kutsidya lino la Zambezi, kwa makolo amene anabwera pa malole a ulere kuchokera ku Nyasaland. Sukulu yathu ndi chipinda chimodzi kuseri kwa mabani otenthera fodya, ndipo ana amalowa masana, akatha kuthandiza kumunda. Enelesi ndiye ankatsogola pa masamu. Makalata ochokera kumudzi, mzere wonse wa nyumba zathu unkawerengetsa kwa iye.

Tsono amene munakulira m'mapulazi mukuudziwa mwambo wa ndowa. Mphunzitsi amabwera ali mbeta, kapena atasiya mkazi kwawo. Nyumba yake imakhala payokha, kwa ife kuno kuseri kwa mabulugama, pakati pa komboni ndi nyumba ya bwana. Madzi ali kutali, ku pampu ya kudamu. Choncho sabata iliyonse komboni imapereka mtsikana mmodzi wa sukulu woti azikatunga madzi, kusesa ndi kutsuka mbale. Dzina lake amaitana a folomani pa tsiku la phoso, anthu onse ali pamzere ndi matumba awo. Mayi amene mwana wake waitanidwa amanyada, poti amasankha waukhondo ndi womvera.

Mwambo umenewu sunalembedwe m'buku lililonse. Bwana sanaulamule, a mishoni sanaulamule, boma la Chitaganya mwina silikuudziwa n'komwe. Tinaupanga tokha, ndipo timautcha ulemu.

Sabata ya Enelesi itatha, mphunzitsi wa nthawiyo anapempha kuti apitirize, ati amasesa bwino. Sabata yachitatu mwana anakana kupita. Anakabisala m'chimanga. Mayi ake anamupeza, anamukwapula chifukwa cha ulesi, n'kumuperekeza mpaka pa mabulugama. Izi anandiuza Anambewe eni ake, ndipo andilola kuzilemba. "Lembani," anatero, "mwina wina amva."

Zimene munthuyo ankachita m'nyumba imeneyo sindilemba. Anazitulukira ndi nesi amene amabwera pa galimoto la chipatala kamodzi pamwezi, ndipo ndi iyeyo anauza apolisi.

Kukhoti ndinapita nawo. Inali nthawi yotentha fodya, abambo a Enelesi sanaloledwe kuchoka pa moto wa m'mabani, ndipo Anambewe ankaopa kupita okha. Tinakhala pa benchi la kumbuyo kuyambira m'mawa. Mlandu wathu usanalowe, panaweruzidwa wa bambo wina amene anaba nkhosa ya bwana wake. Sanachedwe naye. Anatuluka atamangidwa unyolo, kupita kukagwira ukaidi.

Kenako anaitana mphunzitsi uja. Anavala jekete ndi tayi, nsapato zowala. Anali ndi makalata awiri omuchitira umboni kuti ndi munthu wa khalidwe, amaimbitsa bwino kwaya, ana amamumvera. Enelesi anamuimika m'kabokosi, mutu wokha ukuoneka, ndipo mafunso ankadzera kwa womasulira.

"Anakukoka kupita kunyumba kwake?"

"Iyayi."

"Unapita ndi miyendo yako?"

"Inde."

"Tsiku lotsatira unapitanso?"

"Inde."

"Unakuwa?"

Mwana anangoyang'ana pansi.

Ndinadikira funso limodzi lokha: anakutuma ndani? Silinabwere. Anambewe anaimirira kuti anene okha, wapolisi anawakodola ndi dzanja kuti akhale pansi, ndipo anakhala, monga tonse timakhalira munthu wa yunifolomu akakodola.

Woweruza anapeza kuti mlandu ulipo. Pamenepo mtima wanga unatsika pang'ono. Koma kenako anayamba kuwerenga zifukwa zomuchitira chifundo. Ati n'koyamba kulakwa. Ati ndi munthu wophunzira, ndipo aphunzitsi ndi osowa m'mapulazi. Ati manyazi amene waona ndi chilango kale. Anawonjezanso kuti mtsikanayo amaoneka wamkulu kuposa zaka zake. Mphunzitsiyo anamulipiritsa faindi, ndipo ndende anaiika pambali, bola asadzabwereze. Pamene ife tinkadikira lole yobwerera, iye anadutsa pa njinga yake, tayi ikuuluka.

Ndikufunseni ine wosoka zovala, amene sindinaphunzire malamulo. Kuphunzira kwa munthu kumachepetsa mlandu wake kapena kumaukulitsa? Wakuba nkhosa uja sanapatsidwe nkhosayo kuti aisunge. Anachita kulumpha waya. Uyu tinamupatsa mwana m'manja, masana dzuwa likuswa mtengo, tikumugwadira. Ndipo ngati mwana akuoneka wamkulu kwa mlendo wokumana naye panjira, kodi angaoneke wamkulu kwa munthu amene ali ndi kaundula wa zaka za ana onse m'kabati mwake?

Koma ndisadzudzule khoti lokha. La m'tauni linatha tsiku limodzi. La pa komboni ndilo linakhala miyezi itatu, m'mawa ndi madzulo, pa pampu ya madzi.

"Anadzifunira yekha."

"Mwana wa sukulu sopo wonunkhira anamupeza kuti?"

"Enawo ankapitako, bwanji sizinawaonekere?"

"Watitsekera sukulu ndi chimasomaso chake."

Sukulu inatsekedwadi, chifukwa mphunzitsi anachoka ndipo wina sanapezeke msanga. Mkwiyo wonse wa makolo unagwera pa mwana. Makalata anasiya kupita nawo kwa iye. Akafika pa pampu, amayi ankakoka ana awo ngati kwabwera wa nthomba. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu. Kwathu kuno nkhuyu anadya wamkulu, koma wopotedwa m'mimba anali mwana.

Abambo ake si munthu woipa. Ndi munthu wofatsa, wodziwa moto wa fodya kuposa aliyense pa pulazi pano. Koma anatopa ndi manong'onong'o a kumabani. Anagamula kuti nyengo ya fodya ikatha, mwana akwere lole apite kwa azakhali ake ku Dedza, kumudzi kumene sanapondeko chibadwire, akapeze banja kumeneko. Za sukulu zithe. Diresi lidulidwe zigamba.

Pa benchi la kukhoti lija ndi pamene ndinakumbukira agogo anga.

Ine makolo sindinawaone bwino. Anandilera agogo aakazi, pa pulazi ina ya ku Goromonzi, kumene ankasankha fodya m'shedi mpaka maso anachita khungu. Sanali munthu wa nthano kapena wa malangizo. Anali wamakani, wofwenkha fodya wa m'mphuno, wokangana ndi a folomani pa muyeso wa nyemba. Dzina langa litaitanidwa pa ndowa, m'mawa mwake ndikunyamuka, ndinaona akunditsatira ndi ndodo yawo. Anakakhala pa mwala, pakhomo penipeni pa mphunzitsi, mpaka ndinamaliza kusesa. Mphunzitsi anawatulutsira mpando. Agogo anati, "Mwalawu wandikwana, aphunzitsi." Anatero sabata yonse, ndipo m'shedi ankafika mochedwa n'kumakalipiridwa.

Ndinachita nawo manyazi kwambiri. Anzanga ankandiseka kuti ndimapita kuntchito ndi mlonda. Mphunzitsi ameneyo sanandilakwire chilichonse, ndipo mwina anali munthu wabwino ndithu. Agogo sanandifotokozere, ine sindinafunse, mpaka anamwalira. Zanditengera zaka zonsezi kuti ndimve chimene ankanena ndi mwala uja.

Mwana wamasiye amaphunzira kuyang'ana, poti pakamwa pake palibe amene amapamvera. Chimene ndaona m'mapulazi atatu amene ndakhalamo ndi ichi: ndowa siigwera mwana wa folomani kapena wa kalaliki. Imagwera mwana wa mayi wamasiye, mwana wa munthu wofatsa, mwana wa munthu amene akudziwa kuti akangokweza mawu ataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi, kwawo kuli kutali, kutsidya kwa Zambezi. Anzathu a Chishona amatitcha mabhurandaya, anthu opanda munda wothawirako. Ndi mantha amenewo amene amatichititsa kuloza chala mwana. Mwana sangatichotse ntchito.

Tsono imvani za Lachitatu.

Mphunzitsi watsopano anafika Lachiwiri, mnyamata wochokera ku koleji ya mishoni, ali ndi sutikesi ya malata ndi baibulo. Lachitatu ndi tsiku la phoso. Tonse tinali pamzere kutsogolo kwa sitolo, ndipo mlendoyo anaima chapatali, atagwira chipewa. A folomani atatha kuyeza ufa anakwera pa sikelo, pamene amaima akafuna kulengeza.

"Nyararani! Khalani chete uko! Mawa chikoro chikutsegulidwa, sukulu iyambanso. Aphunzitsi ndi awo mukuwaonawo. Tsono sabata ino ndowa ndi ya kwa..."

"Ndowayo ili kuti?"

Anali Anambewe. Miyezi itatu yonseyi ankabwera pa phoso mutu uli pansi, n'kuchoka osapereka moni. Tsopano anali atatula thumba lawo, ataima pakati pa bwalo.

"Ndati ndowayo ili kuti, a Folomani? Ndikatunga ine."

"Inu mwayamba sukulu liti, Anambewe?" anatero a folomani. "Akulembani Sabu A?"

Anthu anaseka. Mayi wina kumbuyo kwanga ananena mokweza kuti, "Za mwana wanu zija musatiyambitsirenso. Wodzifunira yekha asatilepheretse kulemekeza alendo."

Anambewe anatembenuka. Mawu awo ankamveka mpaka kumapeto kwa mzere.

"Anadzifunira? Dzina lake munaliitana ndinu, a Folomani, mutaima pa sikelo pomwepo. Inu nonse munawomba m'manja. Atakana kupita ndinamukwapula ndine, ndi nthambi ya pichesi, n'kumuperekeza mpaka pa mabulugama akulira. Kukhoti anamufunsa ngati anapita ndi miyendo yake. Miyendo inali yake, koma womutuma tinali ife. Mukafuna womunena, yambani ine, kenako mudzinene nokha."

A folomani anayang'ana pepala lawo ngati pali polembedwa yankho.

Amene anayankha ndi Anaphiri, mayi wachikulire amene amuna awo amasunga ng'oma za gule. Iwo ndi amayi a kutchalitchi sapatsana moni wa mtima umodzi, ndipo ndi Anambewe anakanganapo chaka chatha pa nkhani ya maliro. Anafwenkha fodya wawo, n'kupukuta chala pa chitenje.

"Sabata ya mawa ndi yanga," anatero. "Ngati aphunzitsi akufuna mtsikana, inenso ndinali mtsikana nthawi ya nkhondo ya Ajeremani. Mano okha ndiwo atha."

Kuseka kumene kunatsatira kunali kwa mtundu wina. Mayi wina anati yachitatu ndi yake. Wina anati yachinayi. Ine, monga mwa chikhalidwe changa, ndinangokweza dzanja, ndipo Anaphiri anati, "Atelala nawonso alowa. Aphunzitsi, mabatani anu apulumuka."

Mphunzitsi watsopano uja anayandikira, chipewa chili pachifuwa.

"Amayi, pepani. Ine manja ndili nawo. Kwathu ndimatunga ndekha madzi. Musavutike."

"Tungani, mwanangu, tungani," anatero Anaphiri. "Koma ife tizibwerabe kudzaona ngati mwasesa."

Musandimve molakwa. Sindikuti mnyamatayu ndi wokayikitsa, ndipo sindikuti aphunzitsi onse ndi afisi. Amene anandiphunzitsa kugwira cholembera, chimene ndikulembera mawu anowa, anali mphunzitsi wa pa pulazi, wolandira malipiro ochepa, wogona m'nyumba yodontha. Mphunzitsi wabwino sataya kanthu ngati madzi ake atungidwa ndi Anaphiri. Amene angadandaule ndi yekhayo amene ankafuna china osati madzi.

Abambo a Enelesi anali pamzere pomwepo, thumba lili paphewa. Nkhope yawo sindinathe kuiwerenga. Dzuwa litapendeka ndinawaona akubwera kunyumba kwanga. Anaima pansi pa khonde, osakwera.

"Odi, amayi."

"Lowani, bambo."

"Iyayi, ndikupita kumabani. Ndimati... diresi lija akuti lili kuno."

"Lili kuno."

"Mwadula?"

"Sindinadule. Ndamasula mpendero."

Anayang'ana kaye nkhuku zanga. Kenako anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa pensulo yatsopano, yosasongola, ya ku sitolo.

"Muike m'thumba la diresilo," anatero. "Musanene kuti ndine."

Ndaphwanya pangano, bambo, mundikhululukire. Koma dzina lanu sindinatchule.

Lachinayi masana, belu la chitsulo cha khasu litalira, Enelesi anadutsa kutsogolo kwa khonde langa atavala diresi lake. Ankayenda msangamsanga, maso ali patsogolo. Mayi ake ankabwera m'mbuyo mwake ndi ndowa pamutu.

Sindikunamizani kuti zonse zakhala bwino. Ndamva kuti atsikana awiri anasuntha pa benchi iye atakhala. Mayi uja wa kumbuyo kwanga akung'ung'udzabe pa pampu. Mwanayo sanayambenso kuseka ngati kale, ndipo sindikudziwa kuti adzayamba liti. Koma za lole ya ku Dedza sizikumvekanso. Dzulo ndinaona bambo wina wokalamba wa mzere wathu ataima pakhomo pawo, kalata ili m'manja, akudikira kuti mwana aweruke.

Ukamasula mpendero wa diresi lakale pamatsala mzere. Nsalu imene inali yopindidwa imakhala yobiriwira kwambiri, ya pamwamba yofwifwa ndi dzuwa. Ndinayesa kusita ndi nsalu yonyowa, mzere osachoka. Ndinapepesa kwa Anambewe.

"Usiyeni," anatero. "Bola likumukwana."

N'chifukwa chake ndikuimba pamakina sabata ino. Koma pali kanthu kamodzi kamene kamandidula nyimbo pakati. Munthu wa tayi uja ntchito sanataye. Ndamva kuti akuphunzitsa pa pulazi ina cha ku Darwendale, kumene nkhani yake siinafike, poti pepala la khoti silimutsatira munthu kumapulazi, ndipo bwana wosowa mphunzitsi safunsa zambiri. Kumenekonso kuli tsiku la phoso. Kumenekonso kuli folomani wokwera pa sikelo, ndi mayi amene anyadire mwana wake akaitanidwa.

Inu amene mukuwerenga tsamba lino m'makomboni a kumeneko, kapena amene mukuwerengeredwa ndi mwana wanu wa sukulu, tayang'anani njira yopita kunyumba ya aphunzitsi. Sabata ino ndowa yasenzedwa ndi ndani?